Kusamala Tsitsi Pakhomo: Zimene Mungachite Nokha ndi Zoyenera Kusiyira a ku Saluni

Pali ntchito zitatu zimene akazi ambiri kuno ku Kasungu zimatikanika chaka ndi chaka: kumasula meshi tsitsi osaduka, kuchapa tsitsi osakolana, ndi kusunga tsitsi la pamphumi kuti lisathe. Mukayenda mumsika wa pa boma Loweruka m'mawa mudzaona maduku ambiri okokeredwa kutsogolo mpaka pafupi ndi nsidze. Ena mwa madukuwo akuphimba tsitsi limene linathothoka ndi malukidwe othina, ndipo eni ake ndi atsikana oti sanafike n'komwe zaka 30. Zimenezi zimandiwawa mtima chifukwa zambiri n'zopeweka.

Chiyambire pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya meshi, shampu ndi mankhwala a tsitsi sinakhalenso malo amodzi. Ena anasiyiratu ku saluni n'kuyamba kuchita zonse pakhomo, ngakhale kudzithira okha mankhwala owongola tsitsi. Ena amapitabe, koma akalukitsa amakhala nazo miyezi itatu kuti ndalama igwire ntchito. Njira ziwiri zonsezi zimadya tsitsi.

Maganizo anga ndi awa. Kumasula, kuchapa, kufewetsa ndi kudzola, chitani nokha pakhomo, chifukwa ntchito zimenezi zimafuna nthawi ndi kufatsa, zinthu zimene wa pa saluni wokhala ndi makasitomala asanu pabenchi alibe. Koma mankhwala owongola tsitsi, utoto ndi malukidwe ovuta, pitani nazo kwa munthu wodziwa, ndipo mupite ndi pakamwa panu.

Zimene muyenera kukhala nazo

- Chipeso cha mano akuluakulu otalikirana. Chipeso cha mano ang'onoang'ono chija chisiyeni m'basiketi, ntchito yake ndi yodula mizere basi.
- Chipeso chokhala ndi kamchira kosongoka, chomasulira.
- Sizasi yakuthwa imene simudulira mapepala kapena nsalu.
- Shampu. Sopo wochapira zovala ndi sopo waufa ayi.
- Kondishona. Ngati ndalama yakwanira chinthu chimodzi chokha pakati pa kondishona ndi mafuta okwera mtengo, gulani kondishona.
- Mafuta amadzimadzi: a nsatsi, a kokonati, a olivi, ngakhale a mpendadzuwa osagwiritsapo ntchito.
- Vaselini pang'ono.
- Botolo lopopera madzi. Ngati munali mankhwala ena alionse, makamaka a kumunda, musaligwiritse ntchito ngakhale mutalitsuka bwanji. Gulani latsopano.
- Ndowa ziwiri za madzi ofunda, beseni ndi kapu.
- Tisheti yakale ya thonje yopukutira, jumbo yoyera bwino, ndi ulusi wolukira.
- Mpango wa nsalu yoterera wogona nawo. Pa kaunjika imapezeka yotsika mtengo.

Mukakhala ndi therere lobala kapena peyala lakupsa, nazonso zili ndi ntchito, ndifotokoza kutsogoloku. Chinanso chofunika ndi tsiku lopanda zochita zambiri. Musayambe ntchitoyi Loweruka madzulo muli ndi maganizo oti mawa muvale bwino ku tchalitchi. Mudzathamanga, ndipo tsitsi lothamangira ndi limene limatsalira m'chipeso.

Kumasula: apa ndi pamene tsitsi lambiri limathera

1. Dulani nsonga za meshi, koma mutsike m'munsi. Gwirani chingwe chimodzi, fufuzani pamene tsitsi lanu lathera, ndipo mudule zala zitatu kapena zinayi kumunsi kwa pamenepo. Kumbukirani kuti tsitsi lanu si lofanana kutalika mutu wonse. La paliwombo nthawi zambiri limakhala lalitali kuposa la m'mbali, ndiye musatenge muyezo wa chingwe chimodzi n'kudulira nawo mutu wonse. Za kunkhongo pemphani wina akuthandizeni. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kumeneko maso anu safikako.

2. Popani madzi osakaniza ndi kondishona pang'ono pa zingwe zochepa zimene mukuyamba nazo, kenako mupakepo mafuta patsinde. Ndati kunyowetsa pang'ono, osati kuviika. Masulani kuyambira kunsonga kukwera m'mwamba ndi kamchira ka chipeso kapena zala. Musasolole meshi ikadali yolukika theka pofuna kufulumira.

3. Chotsani kamfundo ka litsiro patsinde. Chingwe chilichonse mukachimasula mupeza kanthu kotuwa, kolimba, pamene meshi inagwira tsitsi lanu. Ndi fumbi, mafuta, thonje la duku ndi tsitsi lothothoka zitaumbana pamodzi. Donthezanipo mafuta, kapekeseni ndi zala ziwiri mpaka kafewe, kenako mulekanitse tsitsi pang'onopang'ono ngati mukusadzula thonje, mpaka kanthuko katsetsereke kunsonga. Musakakoke ndi chipeso. Kamfundo kamodzi kangathe kukutengerani mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo m'mutu mungakhale timfundo toposa 100. Khalani pamphasa, tsegulani wailesi, ntchitoyi ndi ya tsiku lonse.

4. Pesani chigawo chilichonse musanathire madzi m'mutu. Ili ndiye chenjezo lalikulu m'nkhani yonseyi. Tsitsi lothothoka limene lakhala likusonkhana m'malukidwe likangokumana ndi madzi ndi shampu lisanachotsedwe, limakulunga tsitsi lamoyo n'kupanga chimtanda cholimba ngati chiguduli. Mtsikana wina woyandikana nane anabwera madzulo ena atafunda thaulo kumutu, maso ali ofiira. "Amayi, taonani zimene zandichitikira," anatero. Anali atamasula meshi ya miyezi iwiri n'kuthamangira kubafa osapesa. Mbali yonse ya kumanzere inali chinthu chimodzi, chala osalowa. Tinakhala pakhonde masiku awiri ndi botolo la mafuta ndi singano yaikulu yosokera matumba, kutola tsitsi limodzilimodzi kuyambira kunsonga. Tinapulumutsa lambiri, koma kunkhongo tinadula ndithu.

Choncho mukamasula zingwe zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, lekanitsani ndi zala, pesani kuyambira kunsonga kubwerera kutsinde dzanja lina litagwira tsitsi pakati kuti khungu lisakokeke, kenako mupote chigawocho kapena muchiluke momasuka. Mukamaliza mutu wonse mukhale ndi zigawo 6 kapena 8 zopesa bwino.

Musachite mantha ndi mpira wa tsitsi umene utsale pamphasa. Munthu aliyense amathothoka tsitsi 50 mpaka 100 patsiku. Likakhala lolukidwa silipeza pogwera, ndiye pa masabata 6 mungapeze tsitsi loposa 2,000 likutuluka tsiku limodzi. Tengani pang'ono muliyang'ane padzuwa. Ngati ndi lalitali ndipo kutsinde kuli kadontho koyera, limenelo linathothoka lokha nthawi yake itakwana. Ngati ndi tizidutswa tatifupitifupi topanda kadontho, ndiye kuti tsitsi likuduka, ndipo pali chimene chikulakwika pa kasamalidwe.

Kuchapa

5. Konzani madzi. Akhale ofunda, oti chigongono chikhoza kukhalamo osawawa. Madzi otentha kwambiri amaumitsa khungu la m'mutu. M'madera ena madzi a pamjigo ndi amchere, sopo sachita thovu msanga ndipo tsitsi likauma limakhala lokhakhala ngati udzu. Ngati kwanu n'kotero, madzi a mvula otchera m'ndowa yoyera ndi abwino kwambiri nyengo ya dzinja. Chilimwe, sungani lita imodzi ya madzi, muthiremo masupuni awiri a viniga, mudzatsukuluzire pomaliza. Samalani asalowe m'maso.

6. Chapani chigawo chimodzichimodzi. Musamasule zigawo zonse nthawi imodzi. Nyowetsani mutu wonse, thirani shampu pang'ono m'manja, muyambe mwaipaka pakhungu, osati pansonga. Tikitani ndi mimba za zala. Zikhadabo zimasiya timabala timene pambuyo pake timayabwa koposa. Thovu likamatsika limatsuka lokha tsitsi lonse mpaka kunsonga. Chimene simuyenera kuchita ndi kuunjika tsitsi lonse paliwombo n'kumalifikisa ngati mukuchapa chitenje pamwala.

Kuchapa kawiri n'kokwanira. Koyamba thovu limakhala lochepa chifukwa cha mafuta ndi fumbi, musaonjezere shampu poganiza kuti yachepa. Kachiwiri lidzabwera lokha.

Ndinene za sopo wochapira zovala, chifukwa ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri ndi amene amakhala pafupi. Sopo ameneyu anapangidwa kuti achotse mafuta pansalu, ndiye amachotsanso mafuta onse achilengedwe m'tsitsi n'kulisiya louma, losachedwa kuduka. Botolo limodzi la shampu, mukamaisungunula ndi madzi pang'ono m'kapu tsiku lochapa, limakhalitsa miyezi. Zikavutitsitsa, bola sopo wosambira, kenako kondishona wambiri.

7. Pakani kondishona ndipo mudikire. Finyani madzi pang'ono, pakani kondishona kuyambira pakati pa tsitsi mpaka kunsonga, pesani ndi chipeso chachikulu chija kondishona akadali momwemo. Valani jumbo kumutu, mukulunge thaulo pamwamba, mukhale mphindi 20 kapena 30. Kutentha kwa mutu wanu kumagwira ntchito yofanana ndi imene mumalipirira pansi pa makina a ku saluni, ndipo magetsi akathima inu sizikukhudzani.

Kondishona akatha, therere lobala limathandiza popesa. Dulani 5 kapena 6, wiritsani m'makapu awiri a madzi opanda soda ndi mchere kwa mphindi 10, sefani pa kansalu, dikirani azizire. Madzi otererawo amapangitsa chipeso kuyenda mosavuta. Gwiritsani ntchito tsiku lomwelo chifukwa sachedwa kusasa. Peyala nalo limafewetsa, koma lipekeseni mpaka lisalale ndipo mulisefe. Mukapanda kusefa mukhala masiku atatu mukutola tizidutswa tobiriwira m'mutu.

8. Tsukuluzani mpaka madzi atuluke oyera. Zotsalira za shampu ndi kondishona pakhungu ndi zimene zimayambitsa kuyabwa kumene ambiri timakutcha mfundu pamene si mfundu. Samalani kwambiri kunkhongo ndi kuseri kwa makutu.

Kuumitsa ndi kudzola

9. Finyani ndi tisheti, musafikise ndi thaulo. Kulungani, psinjani, siyani mphindi zochepa.

10. Dzolani tsitsi likadali lonyowa pang'ono. Apa ambiri timasokoneza. Mafuta safewetsa tsitsi, chimene chimafewetsa ndi madzi. Ntchito ya mafuta ndi kutsekera madziwo kuti asatuluke msanga. Mukapaka vaselini patsitsi louma kale, mwangotsekera kuuma m'kati, ndipo fumbi la mumsewu likabwera limamatirira pomwepo. Ndiye yambani ndi madzi, kenako kondishona wosiya m'tsitsi osatsukuluza ngati muli naye, kenako mafuta madontho ochepa m'manja, mutsirize ndi nsonga chifukwa ndiko kuli tsitsi lakale kwambiri. Mafuta a nsatsi ndi olemera, asakanizeni ndi ena opepuka. Pakhungu pakani pang'ono chabe, ndipo ngati muli ndi mfundu zambiri musapakepo n'komwe, mafuta amazichulukitsa.

11. Wongolani ndi ulusi kapena timalukidwe tikulutikulu. Njira ya agogo athu yokulunga tsitsi ndi ulusi sinathe ntchito. Gawani tsitsi m'zigawo 8 kapena 10, kulungani ulusi kuyambira patsinde mpaka kunsonga mosathinitsa, lisiyeni liume lokha. Mawa lake mukamasula limakhala lotambasuka, losavuta kupesa, popanda moto uliwonse. Chipeso chootcha pambaula sindichilimbikitsa, chifukwa palibe amene angayeze kutentha kwake, ndipo tsitsi likapsa silibwerera.

Mu Juni ndi Julayi chapani m'mawa kuti dzuwa likamalowa tsitsi likhale litauma. Kugona ndi mutu wonyowa, makamaka wolukidwa, kumabweretsa fungo ndi kuyabwa.

Masiku a pakati

12. Popani madzi kawiri kapena katatu pasabata, mupake mafuta pang'ono pansonga ndi m'mphepete. Usiku mangani mpango woterera. Chitenje ndi pilo wa thonje zimamwa mafuta ndi kukwecha tsitsi usiku wonse. Masananso, ngati mumavala duku la chitenje, yambani mwamanga kampango koterera m'kati, ndipo mfundo ya duku isamakhale malo amodzimodzi tsiku lililonse.

Amene timasenza ndowa kuchokera kumjigo kapena mtolo wa nkhuni, nkhata ikhale ya nsalu yofewa ndi yokhuthala. Ndaonapo amayi ambiri tsitsi lili bwinobwino m'mbali koma paliwombo lafupika, iwo n'kumadandaula kuti mwina ndi matenda, pamene ndi ndowa ya malita 20 imene imakwecha pamenepo m'mawa uliwonse. Nyengo yosankha fodya m'chigafa, kapena yomenya soya ndi kupuntha chimanga, phimbani mutu wonse, fumbi lake ndi losaneneka.

13. Chapani sabata iliyonse kapena pakatha masabata awiri. Mu Seputembala ndi Okutobala, pamene thukuta ndi fumbi la Kasungu zimakumana, musapitirire sabata. Tsitsi lolukidwa nalo limachapidwa: sungunulani shampu m'botolo, thirani m'mizere, tikitani khungu mofatsa, tsukuluzani, muumitse padzuwa.

Nthawi yopita ku saluni

Mankhwala owongola tsitsi, amene timangoti rilakisa, si mafuta odzola. Ena amakhala ndi sodium hydroxide, mankhwala omwe aja opangira sopo, ndipo ngakhale olembedwa kuti ndi ofatsa amawotcha khungu akakhalitsa. Munthu sangathe kudziona kunkhongo, sangathe kupaka mutu wonse mofulumira nthawi yolembedwa isanathe, ndipo sangaone bwino malire a tsitsi latsopano ndi lakale. N'chifukwa chake ndimati ntchito iyi ndi ya munthu wina wodziwa. Koma kukhala pampando wa saluni sikutanthauza kuti mwatetezeka.

Ine ndinapsapo. Usiku wake ndinali nditakanda m'mutu chifukwa munkayabwa, m'mawa n'kupita ku saluni ina. Patangopita mphindi zochepa mutu unayamba kutentha. Nditanena, wondipakayo anati, "Pirirani asisi, ndiye kuti akugwira ntchito." Ndinapirira. Titafika posamba, madzi a m'ndowa anali ochepa, mwana n'kutumidwa kukatunga ena mankhwala ali m'mutu. Mawa lake ndinadzuka tsitsi la kunkhongo litamatirira pakhungu, pali nkhanambo zazikulu ngati ndalama zachitsulo. Malo amodzi mpaka lero tsitsi limamera lochepa. Chichitikireni zimenezo ndimatsata izi:

14. Musakande, musachape, musamasule malukidwe kwa masiku atatu kapena kuposerapo musanapake mankhwala. Ngati mwangomasula meshi, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri. Pakakhala chilonda ngakhale chaching'ono, bwererani.

15. Musanakhale pampando, funsani ndipo muone ndi maso anu: madzi okwanira alipo kale m'ndowa? Shampu yoziziritsa mankhwala, imene imabwera pamodzi ndi rilakisa, ilipo? Shampu wamba siletsa mankhwalawa kupitiriza kudya tsitsi. Onani chigubu chimene akutapamo, chikhale ndi dzina ndi tsiku lothera ntchito. Mankhwala otapidwa m'kachitini kopanda dzina akaneni.

16. Akupakeni vaselini m'mphepete monse, pamakutu ndi kunkhongo. Mankhwala apakidwe patsitsi latsopano lokha, osabwereza pa lowongoka kale. Yang'anani nthawi pafoni yanu nokha, ndipo isapitirire yolembedwa pachigubu. Mukamva kutentha nenani momveka, "Asisi, ndikupsa, tiyeni tikasambe pompano." Musapemphe ngati mukupepesa.

17. Pakati pa kupaka ndi kupakanso padutse masabata 8 mpaka 12. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye mukabwerera pakangotha mwezi, palibe tsitsi latsopano lokwanira, mankhwala amagwera pa lakale n'kulidula. Palinso nkhani ya thanzi. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2022, wa amayi oposa 33,000, anapeza kuti amene ankagwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi koposa kanayi pachaka ankapezeka ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero (osati ya khomo la chiberekero) mochuluka kuposa amene sankagwiritsa ntchito. Kwa ine chimenechi n'chifukwa chokwanira chotalikitsira nthawi. Ana aang'ono ndiye musawapake n'komwe.

Utoto nawo, makamaka wakuda uja wobisa imvi, umatupitsa nkhope anthu ena. Pakani kadontho kuseri kwa khutu, mudikire maola 48. Pakatupa kapena kuyabwa, usafike m'mutu. Ndipo utoto ndi rilakisa zisakumane tsiku limodzi.

18. Polukitsa, pitani mutachapa, kufewetsa ndi kupesa kale kunyumba. Mukatero woluka sakhala ndi chifukwa chokukwakwazani ndi chipeso chaching'ono, ndipo mwapulumutsa ndalama yochapitsa. Ngati meshi imakuyabwani, iviikeni kaye m'madzi ofunda othira viniga pang'ono, muitsukuluze, muiyanike dzulo lake.

Mzere woyamba ukangolukidwa, yesani kukweza nsidze ndi kutembenuza khosi. Khungu likakokeka, nenani pomwepo, "Achemwali, apa mwathinitsa, tamasulani pang'ono." Oluka ambiri amakoka chifukwa makasitomala tomwe timafuna zokhalitsa, ndiye mukawauza mwaulemu amamva. Tsitsi laling'ono la pamphumi ndi m'mbali mwa makutu alisiye, silingathe kunyamula chingwe cholemera chofika m'chiuno. Malukidwe oti mumwere panado kuti mugone, kapena otulutsa tiziphuphu toyera m'mphepete, amasuleni tsiku lomwelo ngakhale mwalipira. Kukokedwa kobwerezabwereza kumapha mizu ya tsitsi, ndipo mizu ikafa palibe mafuta a pamsika amene angaidzutse. Poviika nsonga za meshi m'madzi owira, thaulo lokhuthala likhale paphewa ndipo mwana asakhale pamiyendo panu.

Meshi ndi wivi zisapitirire masabata 6, mukalimbikira 8. Mukamasula, tsitsi lipume sabata imodzi kapena ziwiri.

Zimene si za pakhomo kapena za saluni

Mwana akakhala ndi malo ozungulira otuwa m'mutu, tsitsi likuduka pamenepo, chimenecho n'chipere. Chipere cha m'mutu sichitha ndi mafuta opaka okha, chimafuna mankhwala akumwa kwa masabata angapo. Pitani naye ku chipatala cha boma cha Kasungu kapena chipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ndi ku Santhe, ku Chulu kapena ku Chamama. Musamupake mafuta a galimoto, mankhwala a mabatire kapena adyo. Chipeso, chipewa ndi thaulo akhale ndi zakezake mpaka achire. Kometetsa, onetsetsani kuti makina apukutidwa ndi sipiriti ndipo lezala ndi latsopano lotsegula inu mukuona.

Tsitsi likamathothoka kwambiri patatha miyezi itatu kapena inayi chibadwire mwana, zimachitika kwa amayi ambiri ndipo limabwerera lokha, ingopewani malukidwe othina nthawi imeneyo. Koma likamathothoka popanda chifukwa chodziwika, mukumva kufooka ndi chizungulire, kayezetseni magazi. Kuchepa kwa magazi kumaonekeranso m'tsitsi. Mfundu zosamva shampu wamba, funsani ku famase shampu yokhala ndi mankhwala otchedwa ketoconazole.

Zolakwika zimene timabwereza kawirikawiri

Kupesa tsitsi louma. Mukamva chipeso chikulira kuti thethethe, limenelo ndi tsitsi likuduka. Popani madzi kaye.

Kuthira madzi m'mutu mutangomasula musanapese. Ndanena kale, koma ndi pamene ambiri amafikira pa sizasi.

Kuluka pomwepo tsiku lopaka rilakisa. Tsitsi limakhala litafooka, khungu lili lanthete. Dikirani masabata awiri.

Kukana kudula nsonga zogawanika poopa kufupikitsa. Nsonga yong'ambika imapitiriza kung'ambika kukwera m'mwamba. Dulani pang'ono miyezi itatu kapena inayi iliyonse, ndipo ngati dzanja lanu simulikhulupirira, iyi ndi ntchito yaing'ono yoyenera kulipira ku saluni.

Kugula mafuta alionse olonjeza kuti tsitsi lifika pamsana pamwezi umodzi. Tsitsi la ambiri a ife likukula bwinobwino, koma likuduka kunsonga mofanana ndi mmene likukulira kutsinde, ndiye limaoneka ngati laima.

Kumata wigi ndi guluu pamphumi pamene tsitsi latha kale. Pochotsa, guluu amazula katsitsi kamene kamayesa kumera. Wigi ya lamba kapena yongovala ndi yabwinoko, ndipo muziivula usiku. Pansi pake tsitsi lizichapidwa ngati nthawi zonse.

Kumanga ana ndi timphira tothina mpaka maso kukokeka. Mwana akamalira polukidwa, kapena akamagona chafufumimba chifukwa mutu sukugunda pilo, masulani. Mwana wamkazi wa zaka zisanu timizere 6 tikulutikulu tomasuka tikumukwanira, ndipo muzisintha kolowera mizereyo ulendo uliwonse kuti malo amodzi asamakokedwe mwezi ndi mwezi.